Mimba ya udzu inandidyera usipa

Ine ndinakulira m'khola la ng'ombe ku Chikwawa, ndiye nditapeza ntchito yosamalira mahatchi kuno ku Joni, cha ku Kyalami, ndinkadziyesa katswiri. Ng'ombe ya bere ndimaidziwa ndi maso okha.

Usiku wina hatchi yamphongo ya oyandikana nawo inathyola mpanda, m'mawa tinaipeza ili limodzi ndi yaikazi yathu yofiirira. Patatha miyezi itatu mimba ya yofiirirayo inali italendewera. Ndinauza amalume, omwe anandipezera ntchitoyi, kuti basi yatenga bere.

"Iwe mphwanga, imeneyo ndi mimba ya udzu," anatero osatembenuka n'komwe. Tinabetcherana usipa wanga umene unali utangofika pa basi kuchokera kumudzi.

Anandifotokozera uku akupesa mchira. Hatchi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 340, kutanthauza miyezi 11, ndipo mwana amakula kwambiri m'miyezi itatu yomaliza. Pa miyezi itatu yoyambirira mimba siinena kanthu. Chimene iwo amayang'ana ndi khalidwe. Yopanda bere imafuna yamphongo pafupifupi masiku 21 alionse: imatukula mchira, kukodza pang'onopang'ono, n'kuima phee. Ya bere ikaona mphongo imagoneka makutu kumbuyo, mwina kuponya mwendo. Koma nazonso zimanamiza, chifukwa nthawi yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, zambiri zimasiya kufuna yamphongo ngakhale zilibe kanthu.

Mlandu anaweruza ndi dokotala wa ziweto. Anavala gulovu yofika m'phewa, n'kulowetsa dzanja kotulukira ndowe atagwira kachipangizo ka sikani. Ine ndinagwira chingwe maso ali pa sikirini. Munalibemo kanthu. Anangotiuza kuti tichepetse chakudya, hatchi yanenepa. Amalume anadya usipa uja sabata yonse, ine akundigawirako ngati mlendo.

Mu Okutobala abwana anaikweretsa mwadongosolo, ndipo dokotala anabwera pa tsiku la 15. Ndinadabwa kuti akufulumiriranji. Nkhani yake ndi mapasa. Kumudzi mbuzi ikaswa awiri timasangalala, koma hatchi kawirikawiri imataya onse awiri, apo ayi amabadwa ofooka. Lisanakwane tsiku la 16 kapena 17 kamwanako kamakhala kakuyendayenda m'chiberekero, ndiye akapezeka awiri sizivuta kufinya kamodzi kuti kenako kapulumuke. Yathu inali ndi kamodzi, kadontho kakuda kozungulira basi. Atabweranso cha pa tsiku la 28 ndinaona kamtima kakuphethira. Ena amayeza magazi kuyambira cha pa tsiku la 40, koma ife sitinafikeko.

Tikuyembekezera mwana mu Seputembala. Amalume akuti mawere akadzadza, kunsonga kwake n'kutuluka timadontho touma ngati phula la kandulo, ndidzatenge bulangete ndizikagona m'khola, poti zambiri zimaswa usiku. Andifunsa kale ngati ndikufuna kubetcherana kuti adzakhala wamphongo kapena wamkazi. Ndakana.