Ziro wa Charlie Pick

Sitima ndinakwera yolakwika. Green Line ya ku Boston ili ndi nthambi zinayi, B, C, D ndi E, zonse zobiriwira mofanana, ndiye ine ndinangolumphira yomwe inayamba kufika. Mphwanga anali atanenetsa: "Malume, mukwere B, mutsike pa Babcock Street." Madola awiri ndi masenti 40 anapita pachabe, ndinalipiranso. Inu mukapita, muziwerenga chilembo chapamphumi pa sitimayo.

Ndinkafuna kuona Braves Field, bwalo la baseball, masewera a ku America omenya mpira ndi ndodo, lomwe linatsegulidwa mu 1915. Kunena zoona, palibe chambiri choona. Timu ya Braves, yomwe inkasewera pabwaloli, inasamukira ku Milwaukee mu 1953, malowo ndi a Boston University tsopano, dzina lake Nickerson Field. Yatsala ndi mbali imodzi ya mipando, ndi nyumba yakale ya maofesi imene mukukhala apolisi a payunivesite. Ndinazungulira kawiri, mphepo yochokera ku mtsinje wa Charles ikundilowa m'mafupa, ndikudzifunsa chomwe ndavutikira.

Pabenchi panali agogo ena aamuna, fulasiki pambali. Ataona ndikunjenjemera anandithirira khofi m'chivundikiro, n'kufunsa chomwe ndikufuna kuno. Nditawauza, anapisa m'thumba la jekete natulutsa pepala lopindapinda, loperepeseka m'mizere. Linali la ziwerengero za masewera a pa 1 May 1920, Brooklyn Robins ndi Boston Braves, pabwalo lomweli.

Masewera a baseball amakhala ndi zigawo 9. Awa anafika 26, ndipo mpaka lero m'ligi yaikulu palibe ena anafikapo. Brooklyn inagoletsa m'chigawo cha 5, Boston inabweza m'cha 6. Chala cha agogo chinayenda pamzerewo pang'onopang'ono: kuyambira cha 7 mpaka cha 26, maziro okhaokha, ondondozana ngati mazira m'thireyi. Woyimbira, Barry McCormick, anawaimitsa chifukwa cha mdima, poti magetsi kunalibe pabwalo. Zinathera pa 1–1, patatha maola atatu ndi mphindi 50 basi. Anthu akale sankazengereza.

Chomwe agogowo ankanyadira ndi oponya mpira. Leon Cadore wa Brooklyn ndi Joe Oeschger wa Boston anaponya zigawo zonse 26, osalowetsedwa m'malo. Apa anayamba kudandaula za anyamata amasiku ano amene amachotsedwa akangoponya pafupifupi ka 100, ndipo ndinangogwedeza mutu, chifukwa khofi anali wawo.

Koma ine maso anga anakakamira pamzere wina. Charlie Pick, wa Boston: mwayi womenya 11, womwe unaphula kanthu, 0. Tangoganizani. Munthu wadzuka m'mawa, wavala yunifomu, wapita kukaima ndi ndodo ka 11, ulendo uliwonse n'kubwerera chimanjamanja. Akanangomenya bwino kamodzi panthawi yake, mwina anthu akanapita kwawo kukali kowala. Ndinafunsa ngati palinso china chomwe amakumbukiridwa nacho. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

Zinandikhudza, sindinama. Ndinagwirapo ntchito yolemba m'kaundula, ndipo ndikudziwa nkhanza za pepala. Sililemba kuti mwendo unkapweteka kapena kuti kunyumba mwana anali kudwala. Limalemba 11 ndi 0, kenako limasunga zaka zoposa 100, mpaka mlendo wochokera kutali adzakumvere chisoni ali pabenchi.

A Brooklyn nawo sanapume. Mawa lake anasewera zigawo 13 ndi Philadelphia, n'kugonja. Mkuja wake anabwereranso ku Boston kuno, zigawo 19, n'kugonjanso. Zigawo 58 m'masiku atatu, osapambana ngakhale kamodzi, koma chaka chomwecho anatenga ukatswiri wa ligi yawo, National League.

Ndinapempha kujambula pepalalo pafoni. Anakana, n'kundipatsa lenilenilo, ati kunyumba ali ndi ena. Ndinayesa kuwagulira chakudya pa Commonwealth Avenue, anakananso, ati mitengo ya kumeneko ndi ya ana asukulu a makolo olemera. Sananame: sangweji yomwe ndinadya ndekha inandipweteka m'thumba kuposa sitima ziwiri zija.

Pobwerera ndinakwera B, nditawerenga chilembo kawiri.