Agogo anga anamwalirira pa Lizulu

Zaka ziwiri setifiketi ya MSCE ili phee m'chikwama, osaitanidwa ngakhale ndi wogulitsa makala. Ndiye sabata ina mu Julaye mafoni anangobwera atatu: holoselo ina pa Dedza boma ikufuna wowerengera katundu, sukulu ya pulaiveti ku Ntcheu ikufuna kalaliki, ndi bungwe lina la ku Lilongwe loti lidzandifunsa mafunso pafoni. Onsewo Lachinayi lomwelo. Manambala ndinawasunga kuti Bwana 1, Bwana 2, Bwana 3, ndikudziona ngati dolo.

Jekete ndinabwereka kwa alamu anga, manja ake obisa zala, koma ndi chisanu cha Dedza chija ndinathokoza. Ku holoselo ndinapereka envelopu yolakwika. Bwana anawerenga mokweza kuti "ndimakonda ana kwambiri," nkuyang'ana ine, nkuyang'ana matumba a shuga. Ndinati ana ndi amene amatha shuga, bwana. Sanaseke.

Ndinathamangira minibasi ya ku Ntcheu, kondakitala nkundipanikiza pambali pa mayi ena a mpango kumutu. Titangoima pa Lizulu foni inalira. Bwana 3. Mavenda nawo anali atadzaza kale pawindo: "Kabichi! Tomato uyu! Kachewere ndowa!"

"Muli kuti kodi, phokoso chonchi?"

Pakamwa panayankha pokha. "Ndili pamaliro a agogo, bwana."

"Pamaliro akutsatsa tomato?"

"Ndi wa ndiwo za adzukulu."

Anapepesa ndithu, munthu wabwino. Kenako anafunsa ngati ndinafunsiranso ntchito kwina. Ndinati kuli kasukulu kena ku Ntcheu, koma kumeneko nkongotayako nthawi, malipiro ake ndi ogulira bonya basi. Apo nkuti mayi aja akutenderana mtengo wa kabichi kudzera pamphuno panga. Anagula thumba lathunthu, nkundikhazika nalo pamiyendo mpaka pa boma.

2 koloko ndinagogoda pa ofesi ya ahedi, nditasasa dothi la kabichi pa jekete ya eni. Mkati munali mayi omwe aja, mpango atavula, magalasi ali pamphuno.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Mwaika kale?"

Miyendo inangoti zii. Ndinayankha kuti eya, mwambo unali wachangu.

"Khalani pansi, tisakutayitseni nthawi."

Ndinatulutsa envelopu yotsala ija, osakumbuka kuti ndi ya ku holoselo. Anaiwerenga modekha mpaka pamene ndinalemba kuti thumba la makilogalamu 50 ndimanyamula ndekha osapumira. Apa anagwedeza mutu.

"Izi zokha ndiye mwanena zoona. Kabichi wanga ali pageti, nyumba ndi yachitatu kuseri kwa tchalitchi."

Ndinasenza. Anandipatsa mutu umodzi wa kabichi, ati ndikapereke kwa anamfedwa. Ndinakaupereka ndekha ku Bembeke kwa agogo, omwe ndinawapeza akukumba kachewere kudimba, ndipo anadandaula kuti ndi waung'ono.