Tsiku Limene Injini Inandilavulira M'maso

Popeza mlamu wanga akufotokozera nkhaniyi aliyense amene ali ndi makutu, ndipo ulendo uliwonse oilo amene anandithira kumaso akuchulukirachulukira mpaka tsopano wafika malita asanu, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. Injini yonse ya njinga yanga yamoto imalowa oilo wosapitirira lita imodzi, choncho malita asanuwo ndi bodza lamkunkhuniza. Komanso sindinalire ayi. Diso likalowa oilo limatuluka misozi palokha, ndipo kumeneko si kulira.

Njingayo ndi yakalekale, ya silinda imodzi, 125cc, yoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo kwa miyezi ingapo inkamwa oilo modabwitsa: ndikayenda makilomita 500, pafupifupi kota ya lita inkasowa. Pamene imagona usiku panalibe ngakhale dontho limodzi, motero ndinaganiza ngati munthu wophunzira kuti oilo amene sakugwa pansi ndiye kuti akupsera m'kati. Ndinkadziwa kuti utsi wabuluu wotuluka pongoliza injini m'mawa, n'kutha pakapita mphindi zochepa, umaloza masilu a mavalavu, timphira totchinga oilo kuti asadutse, pamene wotuluka ukamapatsa moto umaloza maringi a pisitoni, timikombero totseka mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda. Kunena zoona, utsi wabuluuwo sindinauonepo, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti woyendetsa amayang'ana kutsogolo pamene utsi umatsalira m'mbuyo.

Ndinabwereka geji yoyezera kompuleshoni, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, ndinamasula pulagi, ndinamanga geji m'bowo lake, ndipo ndinamenya kiki mpaka singano inasiya kukwera. Inaima pa 70 psi, umene ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya. Injini yaing'ono yamtunduwu ikakhala yamoyo imapereka chapakati pa 120 ndi 170, ndipo ikatsika pansi pa 100 mwiniwake amayamba kusowa tulo. Pomwepo ndinalengeza kwa mlamu wanga, amene anabwera kudzathandiza koma n'kumangoonerera, kuti injini yatisiya.

Panatsala kudziwa chimene chinaipha, ndipo njira yake ndi yodziwika: umathira oilo wodzaza kasipuni kakang'ono, mamililita asanu, m'bowo la pulagi n'kuyezanso. Singano ikakwera kwambiri, oiloyo watseka mipata ya maringi otha, ndiye kuti vuto ndi maringi kapena silinda. Ikapanda kusuntha, mpweya ukuthawira ku mavalavu kapena ku gasiketi. Kasipuni kakang'ono sindinakapeze. Ndinatenga sipuni yaikulu, ya mamililita 15, ndipo poona kuti injiniyo ikudwala kwambiri, ndinaithira masipuni atatu. Chimene sindinawerengere n'chakuti pisitoni ya injini ya 125cc ikafika pamwamba penipeni pamatsala danga la mamililita pafupifupi 15 okha, pamene ine ndinali nditathiramo 45, ndipo oilo sapanikizika ngati mpweya.

Nditaponda kiki, inauma gwa ngati ndaponda chitsa, ululu unakwera kuchokera kuchidendene mpaka m'mano, ndipo singano inalumphira kumapeto kwenikweni kwa geji. Munthu wina akanachita mantha kuti wapinda konirodi, chitsulo chimene chimalumikiza pisitoni ku shafiti yaikulu ya injini. Ine ndinanyadira, chifukwa singano inali itakwera kwambiri monga momwe malangizo amanenera, ndipo ndinauza mlamu wanga kuti maringi atha ndithu, umboni ndi umenewo.

Apa ndi pamene nkhani ya mlamu wanga imasiyana ndi yanga. Ndinamasula geji, ndinatenga tochi, ndinagwada n'kuika diso langa lamanja pabowo la pulagi kuti ndione mutu wa pisitoni, ndipo ndinanena momveka bwino kuti, "Alamu, tatsitsani kiki ndi dzanja, pang'onopang'ono." Iwo amati anamva mawu akuti "kiki" okha. Anakwera ndi thupi lonse, ngati munthu amene wakhala akudikira mwayi umenewu chikwatireni mlongo wanga.

Ndimakumbukira zonse mwadongosolo, chifukwa nthawi inaima kuti ndionetsetse. Poyamba ndinaona kanyenyezi kowala pansi pa bowolo, ndipo ndinasangalala kuti ndaiona pisitoni. Kenaka kanyenyeziko kanakula, ndipo ndinali ndi nthawi yoganiza kuti pisitoni imeneyi ndi yonyezimira bwino kwa injini yakufa. Pamene ndinkazindikira kuti chikubweracho si pisitoni, chinali chitafika kale. Oilo anatuluka m'bowo laling'onolo mowongoka ngati mkondo, anandimenya m'diso, anagawikana pamphuno, wina anakwera m'tsitsi, wina analowa m'khutu, ndipo popeza ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za maringi, wotsalayo anapeza pokhala. Ndinakhalabe chogwada, tochi ili m'manja ikuwalitsabe bowo mokhulupirika, dontho limodzi likulendewera pansonga pa mphuno osafuna kugwa. Tonse awiri tinaliyang'ana dontholo, ine ndi diso limodzi lotsalalo. Litagwa, mlamu wanga anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga alamu, mwaiona pisitoni?"

M'mawa mwake ndinaikankha njingayo mpaka kwa makaniko wina wachikulire, nditakonzeka kugula maringi, pisitoni ndi gasiketi. Iwo anamvetsera mbiri yonse osaseka, chinthu chimene chinandipweteka kuposa kuseka. Anamenya kiki kangapo pulagi ili kunja, sanza ili pabowo, anatsuka pulagi, naliza injini. Utsi wabuluu umene ndinaufunafuna kwa miyezi unatuluka tsopano, wokwanira kubisa nyumba, ndipo wonsewo unali wa masipuni anga. Utsi utatha ndipo injini itatentha, anamanga geji yawo, anapotokola chopatsira moto mpaka kumapeto, namenya kiki. Singano inaima pa 150 psi.

"Kodi bambo, poyeza muja moto munatsegula?" anandifunsa. Ndinayankha kuti sindinaone chifukwa chopatsira moto injini yozima. Anandifotokozera modekha, ngati akulankhula ndi mwana wa mnzawo, kuti chopatsira moto chikakhala chotseka, kabureta salola mpweya wokwanira kulowa, ndipo pisitoni singapanikize mpweya umene sunalowe. Kuyeza injini yozizira kumatsitsanso nambala. Ndinali nditaitseka pakamwa ndi pamphuno, kenaka n'kuiimba mlandu wopuma mofooka.

Za oilo wosowayo sanavutike nazo. Anamasula mabawuti a chivundikiro cha sipuloketi yakutsogolo, kagudumu kamano kamene kamakoka tcheni, ndipo m'katimo munali phala lakuda la oilo ndi fumbi lokwanira kudzalamo mbewu. Silu ya shafiti imene sipuloketiyo imakhalapo inali itauma n'kung'aluka. Inkadontha injini ikamayenda basi, oilo atatentha n'kupyapyala, ndipo tcheni chinkamutenga n'kumumwaza mumsewu, n'chifukwa chake pogona njinga pankakhala pouma. Apa ndinakumbukira, mochedwa, kuti kwa miyezi yonseyo ndinkadzitama kwa anzanga kuti tcheni cha njinga yanga sichiuma ngakhale sindichithira kanthu, ndipo ena ndinawalangiza kuti aphunzire kusamala zinthu.

Komabe pali mfundo zina zimene ofalitsa nkhaniyi amazisiya dala. Njira imene ndinatsata inali yolondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kupatulapo chopatsira moto, kutentha kwa injini, kukula kwa sipuni, chiwerengero cha masipuni ndi pamene ndinaika diso. Konirodi sinapindike, ndipo zimenezo zikusonyeza kuti ndinaponda kiki mwanzeru. Ndiponso ndinanena kuti oilo akutuluka m'injini, ndipo ankatulukadi.

Silu yatsopano analowetsa pasanathe ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo oilo sakusowanso. Tcheni tsopano chimalira chikauma, moti ndimachithira ndekha. Geji yobwereka ija sindinaibweze, chifukwa paipi yake ikudonthabe oilo ndikaipachika, ndipo mwiniwake wandifunsa kawiri.