Manda a kamwana ka Livingstone ku Kolobeng

Amene mumapita ku Gaborone musamangothera m'mashopu, tsiku lina mudzatuluke mutauni kulowera kumadzulo cha ku Kumakwane, kuli malo amati Kolobeng. Ine ananditengera kumeneko ndi alamu anga amene amagwira ntchito konko, tinaimika galimoto nkuyamba kuyenda wapansi, dzuwa lake la ku Botswana losaseka ndi munthu.

Apa mpamene David Livingstone anamanga mishoni mu 1847 pakati pa Abakwena a mfumu Sechele. Nyumbayo kulibenso, angotsala maziko basi, ukaimapo umadabwa kuti banja lonse linkakwana bwanji pamenepo. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi manda ali chapafupi, miyala younjika m'tchire, pomwe pagona Elizabeth, mwana wawo wachinayi. Anabadwa mu 1850 nkungokhala ndi moyo masabata 6 okha.

Nkhani yake ndiyowawa abale. Mayi ake, Mary, anali mwana wa Robert Moffat wa mishoni ya Kuruman, anabadwira ku Griquatown mu 1821, Chitswana ankalankhula bwinobwino kuyambira ali mwana. Anakwatiwa ndi Livingstone mu 1845. Ndiye mu 1850 bambowa anatenga mkazi woyembekezera ndi tiana titatu, Robert, Agnes ndi Thomas, pangolo ya ng'ombe kudutsa chipululu cha Kalahari mpaka ku nyanja ya Ngami, ana anadwala malungo konko, pobwerera onse ali ofookeratu ndipo atangofika pa Kolobeng mayi uja anabereka Elizabeth. Pamudzipo panali matenda a m'chifuwa amene ankagwira ana, khandalo nalo linatenga, osapulumuka. Mary naye mbali imodzi ya nkhope inachita dzanzi.

Inetu ndinakwiya nditaima pamenepo, sindibisa. Chaka chotsatira chomwecho anamutenganso Mary ali ndi pakati pena ulendo wa m'chipululu womwewo, moti apongozi ake ku Kuruman anamulembera kalata yomukalipira kuti kutaya mwana mmodzi sikunakukwanire kodi. Mayi aliyense wa kwathu akanatero. Mwana wa pakati pamenepa, William Oswell, anabadwira panjira pobwerera.

Mu 1852 Mary ndi ana anawakweza sitima kupita ku Britain komwe anakavutika ndi umphawi, chaka chomwecho Mabunu anathira nkhondo Abakwena ndipo nyumba ya pa Kolobeng inasakazidwa. Banjali silinakhalenso pamodzi nthawi yaitali. Mary anamwalira ndi malungo mu 1862 ku Chupanga m'mbali mwa Zambezi ku Mozambique ali ndi zaka 41, mwana wawo Robert anakafera ku America mu 1864 atagwidwa pa nkhondo yapachiweniweni, bambo awo mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia.

Kusukulu tinaloweza za nyanja ya Malawi mu 1859, za Blantyre ndi Livingstonia, koma dzina la Elizabeth palibe mphunzitsi anatitchulirapo, la Mary amangodutsa pamwamba. Ndikufuna chaka chamawa ndikafike ku Chupanga ndikaone manda a mayi ake, amene mukudziwa njira yabwino yochokera ku Nsanje mundiuzeko. Ndipo mukamapita ku Kolobeng tengani madzi akumwa ndi nsapato zotseka, minga ndi yambiri.