Kaloga wa kuseri kwa mpanda

Madzulo ano ndakhala pakhonde kuno ku Area 25 ndikuzula timinga ta kaloga m'zala zanga, ndipo tina takaniratu kutuluka. Mwezi wa Meyi ndinadula chomerachi kuseri kwa mpanda n'kutaya zidutswa zake kudzala, koma lero ndapeza kuti chidutswa chilichonse chagwira mizu, ngakhale kuti mvula sinagwe chiyambire nthawi imeneyo.

Kunena zoona, ndayamba kuchiopa chomera chimenechi, chomwe akatswiri amachitcha Opuntia. Zimene ambirife timaziyesa masamba zija ndi tsinde lophwatalala losunga madzi, ndipo timabowo take topumira timatseguka usiku kuti madziwo asathe ndi dzuwa, n'chifukwa chake kutentha kwa mu Okutobala sikuchifooketsa. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu amadya zipatso zake ndi tsinde lanthete lomwe, koma chitafika ku Australia chinalanda minda ndi mabusa mpaka boma linachita kuitanitsa kagulugufe ka Cactoblastis kuchokera ku Argentina mu 1925 kuti mbozi zake zichidye.

Mawa ndikumba dzenje lakuya kuti ndikwirire zonse, ndipo ana ndawaletsa kale kuthyola zipatsozo ndi manja.