Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usiku umene ndinavala majezi awiri

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinagulitsa njinga yanga yonyamulira anthu n'kutsegula kashopu kometera ku Kapata, kuno ku Chipata, m'chaka cha 2010. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti ndalama yeniyeni sinkachokera kometa. Inkachokera pa TV imene ndinapachika pakona, dishi ili padenga, ndi mabenchi anayi amene kalipentala wina anandikhomera pangongole. Loweruka ndi Lamlungu makina ometera ndinkawakoleka pamsomali, n'kuima pakhomo kumatolera pin imodzi imodzi, ndalama yakale ija mazilo atatu asanachotsedwe. Ligi ya ku England ndiyo inkandilipirira lendi.

Ine ndine wa Chelsea, ndipo ndinalowamo chifukwa cha munthu mmodzi. Didier Drogba anafika ku London mu 2004 kuchokera ku Marseille, ine ndili ndi zaka 18, ndikupalasa njinga dzuwa lonse pakati pa Down Shops ndi Nabvutika. Ndikamuona akutchinga mpira ndi chifuwa, azungu awiri atamukolekera kumsana koma iye osagwa, kutopa kwa miyendo kunkandichoka. Jezi yake yabuluu ya nambala 11 ndinaipeza pamulu wa salaula, yong'ambika pang'ono kukhwapa. Amayi anandisokera ndi ulusi wakuda chifukwa wabuluu munalibe m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sindinaonerepo Drogba akusewera ndisanaivale.

Ndiye mumvetse mmene ndinkadanira ndi masabata aja ligi imaima kuti osewera apite kukasewerera mayiko awo. Mabenchi ankakhala gwa, opanda munthu. Mawu amene ankamveka m'shopu anali amodzimodzi: "Atibwezere anthu athu ali amoyo," "Akangovulala kumeneko tathera pomwepo." Mawu amenewa mpaka lero anyamata amawanenabe, ndipo ine sindiwadzudzula, chifukwa timu imene umaiona sabata iliyonse imakulowa m'magazi kuposa imene imabwera mwa apo ndi apo ngati mlendo. Pamene Enock Mwepu anadwala paulendo wopita ku Mali mu Seputembala 2022, mkangano unabuka pabenchi pomwepa, ena akuti akanangokhala ku Brighton. Madokotala atapeza kuti ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo, iye n'kusiya mpira mwezi wotsatira ali ndi zaka 24, aja ankakuwa aja anakhala chete. Komanso Fashion Sakala, mwana wa kuno kwathu ku Chipata, atapita ku Rangers mu 2021, ndinaona anyamata amene sankadziwa komwe kuli Glasgow akundichonderera kuti ndiwasakire ligi ya ku Scotland. Mitima yathu ndi yotero. Koma ndibwerere ku 2012.

Januwale wa chaka chimenecho anali wowawa kwa ife a Chelsea. Chikho cha Africa chinkachitikira ku Gabon ndi ku Equatorial Guinea, ndipo chinatitengera Drogba ndi Salomon Kalou pakati penipeni pa ligi. Kutsogolo kunatsala Fernando Torres, amene golo inali itamuthawa. Ndikuuzeni zoona zokhazokha: ndinkafunitsitsa kuti Côte d'Ivoire ituluke msanga kuti munthu wanga abwerere kuntchito. Za Chipolopolo, timu ya dziko lathu la Zambia, ndinkazitsatira, inde, koma ndi mtima wa munthu amene akudziwa kuti ulendo wake suli wautali. Tinagonjetsa Senegal 2-1, ndinati mwayi. Tinalepherana ndi Libya 2-2 m'matope, ndinati mwaona. Kenaka Equatorial Guinea inagwa 1-0, Sudan 3-0, ndipo pamene Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan, Emmanuel Mayuka n'kugoletsa chija chinatulutsa Ghana, ndinayamba kuchita mantha. Mbali inayo Côte d'Ivoire inkabwera osagoletsedwa ngakhale chigoli chimodzi. Uku Chelsea inkangomira: pa 5 Febuluwale tinatsogola 3-0 ndi Manchester United n'kuthera 3-3, pa 11 Everton inatikwapula 2-0. M'mawa mwake, Lamlungu pa 12, inali fainolo ku Libreville. Zambia ndi Drogba.

Apa ndiyenera kunena za atate.

Atate anagwirapo ntchito kumigodi ku Mufulira asanabwerere kuno kummawa, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi chikondi cha Mufulira Wanderers. Timu ya dziko ankaitchulabe KK Eleven ngakhale dzinalo linali litasiyidwa. Wailesi yawo inkakhala pakampando pakhonde, ndipo Dennis Liwewe akayamba kukuwa, nkhuku yomwe inkadziwa kuti si nthawi yodutsa pamenepo. Munthu wawo anali goloboyi Efford Chabala. Ankati anamuona ndi maso awo ku Shinde Stadium akuuluka ngati mphamba.

Usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali imene inanyamula timu yathu kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville. Anthu 30 onse anathera pomwepo, 18 mwa iwo osewera, pamodzi ndi mphunzitsi Godfrey Chitalu. Chabala analimo. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ndipo anayenera kukakumana ndi anzake ku Dakar komweko. Ine ndinali ndi zaka 7. Chimene ndimakumbukira si mawu a pawailesi, koma phala la atate limene linazizira m'mbale mpaka kuuma pamwamba, ndi amayi akutinong'oneza kuti tikasewerere kutali. Chaka chotsatira timu yatsopano inafika fainolo ku Tunisia n'kugonja kwa Nigeria 2-1. Atate anamvetsera mpaka kumapeto, anazimitsa wailesi, anachotsa mabatire. Kuyambira pamenepo pawailesi ankangomvera nkhani ndi mauthenga a maliro. Shopu yanga anali asanalowemo tsiku la mpira ngakhale kamodzi.

Lamlungu lija ndinadzuka ndi mutu wolemera. Ndinali nditagula jezi yobiriwira ya Chipolopolo pamsika wa Kapata, koma nthawi yovala itakwana dzanja linapita lokha pa yabuluu ija. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinaivala mkati, yobiriwira pamwamba, n'kupisira bwinobwino mu thalauza kuti isaoneke.

Tsiku limenelo sindinatolere ndalama. TV ndinaitulutsa pakhonde, jenereta ili pambali yodzaza petulo kuopa magetsi, ndipo anthu anadzaza mpaka mumsewu, amayi a tomato atayala zitenje pansi, ana ali pamapewa. Kutangotsala pang'ono kuti mpira uyambe ndinaona anthu akupatuka. Anali atate, atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndodo m'manja.

"Atate, mwabwera?"

"Ndamva kuti anyamatawa anapita kunyanja kukaika maluwa," anatero. "Ndipatse pokhala."

Ndinawakhazika pabenchi ya kutsogolo, ine pambali pawo.

Mpira utangoyamba, Joseph Musonda anavulala ndipo anatuluka akulira ngati mwana. Drogba anapita kukamugwira, kumutonthoza. Atate anangoti "Hmm." Za mpira wonsewo sindinena zambiri, mudauona. Ndinena za mphindi ya 70, pamene Gervinho anagwetsedwa m'bokosi, oyimbira n'kuloza pakadontho.

Khonde lonse linafa. Jenereta yokha ndiyo inkamveka, chifukwa tinali titailiza kale kuti pasakhale chodukiza. Drogba anatenga mpira, anauika pansi, anabwerera m'mbuyo monga ndinamuonera kambirimbiri. Ndipo thupi langa linachita zimene linazolowera zaka zonsezo. Dzanja linapita pachifuwa, pamene panali nsalu yabuluu, ndipo milomo yanga inanena chamumtima, "Menya, mkulu." Ndinadzimva ndekha ndikunena. Sindinaganize, sindinasankhe, zinangotuluka ngati mpweya. Nthawi yomweyo dzanja la atate linagwira bondo langa. Linkanjenjemera. Nditawacheukira ndinaona maso awo sali pa Drogba, ali pa Mweene, ndipo ankatchula dzina limodzi mobwerezabwereza, motsitsa kwambiri: "Chabala, Chabala, Chabala."

Mpira unapita kumwamba, kudutsa pamwamba pa chitsulo, kukagwera kutali.

Phokoso limene linabuka sindinalimvenso kwina kulikonse, ngakhale ku Mtenguleni tsiku la Nc'wala. Ndinalumpha nawo, misozi ili chuchuchu, ndipo mpaka lero sindingakuuzeni kuti ingati inali ya chimwemwe, ingati ya chisoni cha munthu wanga amene anaima pamenepo akuyang'ana pansi, ingati ya manyazi ndi mawu aja. M'chipwirikiti chimenecho wina anandikoka jezi, yabuluu ija n'kutulukira poyera. Mnzanga wina wa Arsenal, amene tinkakangana sabata iliyonse, anaiona. Anakuwa kuti onse amve: "Taonani kazitape uyu! Mapanga awiri avumbwitsa, iwe!" Ena anaseka, koma ena nkhope zinasintha, ndipo mnyamata wina amene anali atalawako anayamba kundiyandikira.

Atate anagogoda ndodo pansi kawiri. "Musiyeni. Khala pansi, mwananga, mpira sunathe."

Mphindi 120 zinatha popanda chigoli. Pa mapenate Drogba anagoletsa yake, yachisanu, ndipo ulendo uno pakamwa panga ndinatseka ndi dzanja. Amene anamuyankha anali Mweene mwiniwake, goloboyi, modekha ngati akuthira madzi m'kapu. Zinapitirira mpaka 7-7. Mweene anagwira ya Kolo Touré, ife tinayamba kuvina, Rainford Kalaba n'kuponya yake kumwamba. Mayi wina anagona chafufumimba pachitenje, osafunanso kuona. Kenaka anabwera Gervinho, wa Arsenal. Ndinamuyang'ana mnzanga uja. Anali atagwira mutu ndi manja onse awiri, ndipo Gervinho ataphonya anachedwa pang'ono kudzuka, pang'ono chabe, koma ine ndinaona. Maso athu anakumana. Sitinakambiranepo za zimenezo mpaka lero.

Stoppila Sunzu anagoletsa. 8-7. Christopher Katongo ananyamula chikho mumzinda womwewo, pafupi ndi nyanja yomweyo. Mphunzitsi wathu Hervé Renard anamunyamula Musonda m'manja kupita naye kwa anzake kuti akasangalale nawo. Chipata yense anatuluka panja pakati pa usiku: mabelu a njinga, mahutala a magalimoto mu Umodzi Highway, amayi akumenya mapoto, nthungululu kuchokera ku Mchini mpaka kuphiri la Kanjala. Atate sanadzuke pabenchi. Ankawerenga zala. Kenaka anati, "Mapenate onse anali 18." Anapukuta nkhope ndi chipewa.

Ndinasiya shopu m'manja mwa mng'ono wanga n'kuwaperekeza kunyumba. Tinkayenda pang'onopang'ono, kuzemba zithaphwi, chifukwa chifuwa chinali chitawayambanso. Ndinkadikira kuti andikalipire. M'malo mwake anandifunsa, "Uja anapita kukatonthoza Musonda, ndiye wakoyo?"

"Ndi yemweyo, atate."

"Analeredwa bwino."

Tinayenda pang'ono osalankhula. Ndiye ndinawauza. Sindikudziwa chimene chinandikakamiza, koma sindikanatha kugona nazo. Ndinati, "Atate, paja ankamenya penate paja, ine ndinati menya."

Anaima, anatsamira ndodo. "Ndinakumva," anatero. "Ine zoterezi sizinandigwerepo. Chabala wanga anali mmodzi. Loweruka ndinkamuona ku Shinde atavala ya Wanderers, ikasewera KK Eleven ali yemweyo pagolo. Inu ana a masiku ano mtima munautumiza kutali, ndiye ukamabwerera umapeza ena atakhala pampando." Anakhosomola. "Koma unalumpha. Ndinakuonanso."

Patapita miyezi itatu, pa 19 Meyi, Chelsea inasewera fainolo ya Champions League ndi Bayern Munich, kwawo ku Munich komweko. Kunkazizira, ndipo ndinavala yabuluu yokha, jekete pamwamba. Sindinawaitane atate, koma anabwera, nakhala pabenchi yomwe ija, malo omwe aja. Bayern inagoletsa kutatsala mphindi zochepa, anyamata a Manchester United ndi Arsenal n'kuyamba kuimba nyimbo za maliro. Mphindi ya 88, kona, Drogba anadumpha, mutu, chigoli. Kenaka mapenate, ndipo yomaliza inali yake. Anauika mpira pansi, anabwerera m'mbuyo. Ndinagwira pachifuwa, ndipo ulendo uno ndinakuwa mokweza, shopu yonse ikumva: "Menya, mkulu!"

Unalowa.

Nditamaliza kuthamanga mumsewu ndinabwerera ndikupuma wefuwefu, ndinawapeza atate ali phee, manja onse pandodo, akuyang'ana Drogba pa TV anzake atamuunjikira. Anandikodola kuti ndiwerame, chifukwa phokoso linali lalikulu.

"Akanamenya chonchi ku Libreville," anandinong'oneza, "bwenzi titalira kachiwiri. Tiye undiperekeze, kwazizira."