Makompyuta 6 pa Chichiri

Kampani ina imene inatenga malo pa chiwonetsero cha zamalonda cha Malawi International Trade Fair, chimene bungwe la amalonda la MCCCI limakonza pa Chichiri ku Blantyre, inkafuna makompyuta 6 oti aliyense wolowa m'bwalomo azigwiritsa ntchito intaneti mwaulere. Bwana wa kampaniyo anandiuza pa foni kuti, "Achimwene, mungoika makompyutawo n'kuwalumikiza, basi." Ndinavomera, ndipo Lolemba m'mawa ndinafika pamalopo ndi mnyamata wina wa ku koleji amene akuphunzira ntchito kwa ine. Chiperoni chinali chitayamba kale, manja akuchita dzanzi.

Choyamba ndinayeza mtunda. Kuchokera pamene intaneti inkalowera kufika pa malo athu panali mamita pafupifupi 130, chikhalirecho waya wa netiweki wa Cat6 sudalirika ukapyola mamita 100. Mnyamatayo anafunsa kuti bwanji osangoika Wi-Fi, poti foni yake inkagwira bwinobwino. Ndinamuuza kuti ayang'ane bwalo lonse: munalibe anthu, munali akalipentala okhaokha akukhoma mashelefu. Tsiku lotsegulira, pafupifupi wamalonda aliyense amabwera ndi karauta kake kapena kuyatsa hotspot pa foni, ndipo pa 2.4 GHz, pamene Wi-Fi yambiri imayenda, tinjira tosaphana tilipo titatu tokha, 1, 6 ndi 11. Wi-Fi imene ikuthamanga Lolemba imakhala ikukwawa Lachinayi masana. Choncho tinasankha waya, n'kuika switch, kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, pakatikati pa mtundawo, kuseri kwa malo a anthu ena ogulitsa mipando amene anatilola kugwiritsa ntchito soketi yawo.

Masana onse tinathera pa kumanga mitu ya mawaya. Ntchitoyi ndimaikonda chifukwa siifuna phuma. Umasenda khungu la waya, n'kuongola timawaya 8 ta mkati ndi zala mpaka tigone mondondozana: koyera ndi olenji, olenji, koyera ndi girini, buluu, koyera ndi buluu, girini, koyera ndi bulauni, bulauni. Kenako umatidula mofanana, kutilowetsa m'kamutu ka RJ45, n'kufinya ndi pulayala yake mpaka imveke kuti tswa. Mnyamatayo anasinthanitsa girini ndi buluu kawiri konse, kachipangizo koyezera n'kudumpha nyali ya nambala 4 ndi 6. Sindinamulande. Mutu wachitatu anaukhoza, ndipo kuyambira pamenepo mitu yotsala anamanga yekha. Pamene waya unkadutsa panjira ya anthu tinauphimba ndi labala n'kuumata, kuopera kuti mwana kapena gogo wina angakodwe.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za makompyuta eniake, ndipo apa m'pamene pali mtima wa ntchitoyi. Kompyuta ya mu ofesi imafunika izikumbukira mwini wake. Kompyuta ya pagulu imafunika iziiwala. Munthu akalowa mu Gmail kapena Facebook n'kudzuka osatseka, wobwera pambuyo pake amapeza khomo lili pululu, ndipo ndaonapo anthu akubedwa ndalama m'njira yomweyi. Ndinaika Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, m'makompyuta onse, bulawuza izidzadza sikirini yonse, ndipo chilichonse chimene munthu walemba chizisungika mu RAM mokha, mmene kompyuta imasunga zinthu kwa kanthawi chabe, kuti akachoka chifufutike. Ndinatseka mabowo a USB, kuika pasiwedi pa BIOS, pamene amasinthira mayakidwe a kompyuta, kumangirira makompyutawo ku tebulo ndi maloko, n'kupatula netiweki yawo kuti isakumane ndi malaputopu a kampaniyo amene ankalemberapo malonda. Kompyuta iliyonse ndinaipatsa malire a liwiro la intaneti a 2 Mbps kuti mmodzi woonera mpira pa YouTube asaphe anzake asanu. Pomaliza ndinakonza kuti munthu akatha mphindi 5 osakhudza kiibodi, zonse zizifufutika n'kuyambiranso.

Lachitatu madzulo tinasemphana pang'ono ndi bwana uja. Iye ankafuna kuti aliyense azilemba dzina ndi nambala ya foni asanakhale pa kompyuta, komanso kuti ndimupatse mndandanda wa masamba amene aliyense watsegula, akuti a zamalonda aziona zimene anthu amakonda. Ndinamuuza kuti, "Bwana, nambala mutha kupempha kwa amene akufuna, muwauze chimene mukaichitire. Koma zoti uyu watsegula chakuti, ine sindisunga." Ndinamukumbutsa kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2024, koma kunena zoona, ngakhale likanapanda lamulolo sindikanachita. Munthu amene wabwera kudzafufuza za matenda ake kapena za ngongole yake wakhulupirira makina athu. Bwanayo anakhala chete kanthawi, kenako anati tiike kabuku pambali, wofuna azilembamo yekha.

Lachinayi chiwonetsero chinatsegulidwa, ndipo isanakwane 11 koloko ndinali nditagwa kale m'mbuna yokumba ndekha. Magetsi anaphethira pang'ono. Makompyuta onse 6 anakhalabe oyaka chifukwa anali pa UPS, batire losunga magetsi, koma intaneti inathima. Ndinayang'ana rauta, inali bwino. Ndinathamanga motsatira waya mpaka kuseri kwa mipando kuja, n'kupeza kuti switch ya pakati ija ndinaisiya pa soketi wamba, ndipo magetsi atabwerera wina anali ataizula kuti atchaje foni. Sindingamunene, poti panalibe chizindikiro chilichonse. Ndinabweretsa UPS yaing'ono, kuika zonse m'bokosi lotseka, n'kulembapo kuti "Chonde musazule".

Koma chimene ndachiganizira kwambiri chiyambire sabata imeneyo chinachitika Lachisanu. Kunabwera mayi wina wa gulu la alimi a ku Mchinji amene ankagulitsa chiponde ndi mtedza. Wogula wina wochokera kunja anali atawasiyira khadi lake n'kuwauza kuti amutumizire mitengo pa imelo tsiku lomwelo. Mayiwo anakhala pa kompyuta ya kumapeto, n'kuyamba kutchula pasiwedi yawo mokweza kuti mnyamata uja awalembere. Ndinawadula mawu mwaulemu: "Amayi, imeneyo ndi kiyi wa nyumba yanu. Lembani nokha, ife titembenukira uko." Anaseka, nalemba ndi chala chimodzi.

Atalowa anayamba kalata yawo pang'onopang'ono, akufunafuna chilembo chilichonse. Atafika pa mitengo anatulutsa kope m'chikwama, kope la sukulu lija lokutidwa ndi pepala la khaki, n'kuyamba kuwerengera mtengo wa katoni ndi cholembera. Anaimbiranso foni mlembi wa gulu lawo kuti atsimikize. Pamene amadzutsa mutu, sikirini inali itabwerera pa tsamba loyamba. Mphindi 5 zinali zitakwana.

"Achimwene, kalata yanga yapita kuti?"

Mwamwayi Gmail imasunga yokha kalata yosamalizidwa, ndiye atalowanso tinapeza mbali yaikulu ilipo. Koma nkhope yawo pa kanthawi kaja sindidzaiiwala. Anaganiza kuti alakwitsa iwowo, kuti aononga makina a eni ake, mpaka anayamba kupepesa. Chikhalirecho wolakwa anali ine. Mphindi 5 zija ndinaziyeza ndi zala zanga, za munthu amene amakhala pa kiibodi tsiku lonse. Sindinaganizire munthu amene akuwerengera m'kope, amene akudikira yankho pa foni, amene akulemba Chingerezi mosamala chifukwa kalatayo ndi ya gulu lonse. Ndipo anthu otere ndiwo ankafunikiradi makompyutawo. Achinyamata ambiri okhala ndi mafoni apamwamba ankangodutsa.

Usiku umenewo ndinatsala mpaka alonda atayamba kuzungulira. Nthawi ndinaikweza kufika mphindi 10, ndipo zisanakwane pazituluka uthenga waukulu wa m'Chichewa wofunsa kuti "Kodi mukadalipo?", ndi batani loti "Inde, ndikadalipo". Pakona pa sikirini ndinaikapo batani lofiira loti "Ndamaliza", limene limafufuta zonse nthawi yomweyo. Malangizo onse amene ndinali nditamata patebulo anali a Chingerezi chokhachokha. Ndinawachotsa n'kulemba ena pa katoni ndi maka: musauze munthu pasiwedi yanu, mukamaliza dinani batani lofiira, ngati mwasokonezeka tiitaneni.

Loweruka kunadzadza ana a sukulu ndi mabanja, mzere mpaka panja. Ntchito inali yopukuta fumbi pa makiibodi, kulekanitsa ana olimbirana mausi, ndi kupempha a mpira kuti apatseko mpata bambo wina amene ankafuna kuona za msonkho pa tsamba la MRA. Ndinaima chapatali n'kumaona anthu akudzuka. Ambiri ankadina batani lofiira lija popanda wowauza, ndipo ena ankalozera anzawo. Mayi a ku Mchinji aja anabweranso chakumasana kudzaona ngati wogula uja wayankha. Anali asanayankhe. Analowa okha, anatuluka okha, natisiyira kabotolo ka chiponde.

Mgwirizano wathu unatha Lamlungu madzulo. Tisanapakire, ndinayatsa kompyuta iliyonse n'kufufuza ngati mwatsala dzina, chithunzi kapena pasiwedi ya munthu, ndipo ndinamuonetsa mnyamatayo malo onse ofunika kuyang'ana. Simunatsale kanthu. Tinamatula labala panjira, tinakulunga mawaya, tinakathokoza anthu a mipando chifukwa cha soketi yawo. Katoni ya malangizo ija mnyamatayo ankafuna kuitaya limodzi ndi zinyalala, koma ndinamuuza kuti aiike m'bokosi la zipangizo, pamwamba pa pulayala.